Tsiku Limene Ndege za Smith Zinalanda Thambo la Zambia

M'mawa wa pa 19 Okutobala 1978, ndege zankhondo za Rhodesia zinaoloka mtsinje wa Zambezi zikuulukira m'munsi kuti zisaoneke msanga. Zinali kupita ku Chikumbi, famu ya kumpoto kwa Lusaka, kumene otsatira a Joshua Nkomo a chipani cha ZAPU anali ndi msasa wotchedwa Freedom Camp.

Gwero la chiwembuchi linali imfa za pa 3 Sepitembala chaka chomwecho, pamene ankhondo a ZIPRA, gulu la chipanicho, anagwetsa ndege ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Mwa anthu 56 amene anakwera, 38 anafera pomwepo, ndipo 10 anawomberedwa atapulumuka kale. Boma la Ian Smith linatsimikiza kulipsira.

Mabomba a ndege za Canberra ndi Hunter anagwera anthu ali pabwalo, ndipo mahelikopita anatsatira othawa. Anthu oposa 200 anaphedwa. Tsiku lomwelo msasa wa ku Mkushi, kumene atsikana ankaphunzira usilikali, unathiridwanso nkhondo. A Rhodesia anati anakantha zigawenga. A ZAPU anati ku Chikumbi kunadzaza othawa nkhondo opanda zida.

Chimene chinawawa kwambiri anthu a mu Zambia ndi uthenga wa pawailesi. Mtsogoleri wa ndegezo, podzitcha Green Leader, analankhula ndi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka. Anati Rhodesia alibe mlandu ndi Zambia, koma ndege iliyonse yankhondo ya dzikolo ikanyamuka idzagwetsedwa. Palibe inanyamuka. Dziko limene linali litadzilamulira zaka 14 linalandira malamulo kwa mlendo m'thambo lake lomwe.

Cholinga chinali choti Pulezidenti Kenneth Kaunda aone kuti kusunga omenyera ufulu kuli ndi mtengo wowawa. Mu 1979 asilikali a Rhodesia anagumula nyumba ya Nkomo mu Lusaka, naphulitsanso mlatho wa njanji ya TAZARA pa mtsinje wa Chambeshi. Komabe Kaunda sanapirikitse alendo ake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zambia anazimira mnzake ngakhale kuti manja ake anapsa.

Mabomba sanathetse nkhondoyo. Inatha ndi pangano la ku Lancaster House mu Disembala 1979, ndipo Zimbabwe analandira ufulu pa 18 Epulo 1980. Ambiri mwa amene anaufera ufuluwo akugona m'manda a anthu ambirimbiri ku Chikumbi ndi ku Mkushi, m'nthaka ya dziko limene linawalandira.