CHIKUMBU CHA M'MWALA

Mitengo ina mukaitema, pabala pamatuluka utomoni. Kachirombo kakatera pamenepo kamakanirira, monga mbalame pa ulimbo.

Zimenezi zinkachitikanso kalekale. Utomoni unkakuta kachirombo thupi lonse. Mtengo unkagwa, dothi n'kukwirira. Patapita zaka zambirimbiri, utomoni uja unauma gwa! ngati mwala. Mwalawu ndi wachikasu, ndipo umaonekera m'kati ngati botolo. Dzina lake ndi amber.

Miyala yotere imapezeka m'mbali mwa nyanja ya Baltic ku Ulaya. Ina amaikumba ku Myanmar, dziko la ku Asia. Ya ku Myanmar yatha zaka pafupifupi 99 miliyoni. Koma zikumbu za m'katimo sizinaole ayi. Miyendo ndi mapiko zilipobe.

Kodi chikumbu timachidziŵa bwanji? Chili ndi miyendo 6. Mapiko ake apamwamba ndi olimba, ndipo amavindikira mapiko oulukira. Nankafumbwe ndi chikumbu. Chiphaniphani nachonso ndi chikumbu. Mitundu yodziŵika ya zikumbu ilipo pafupifupi 400,000.

Poti n'zambiri chonchi, akatswiri amaziika m'mabanja. Amayang'ana kukamwa, miyendo ndi tinyanga ta kumutu. Mwachitsanzo, a banja la nankafumbwe ali ndi mlomo wautali. Kenaka mtundu uliwonse amaupatsa maina aŵiri. Loyamba lili ngati mfunda: achibale onse amatchedwa nalo. Lachiŵiri ndi lakelake. Njirayi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. Pa nyama anaigwiritsa ntchito m'buku lake la 1758.

M'chaka cha 2019, akatswiri analengeza za kachikumbu kena ka m'mwala wa ku Myanmar. N'kakang'ono kuposa njere ya mpunga. Ataona thupi lake lopindika ndi miyendo yake yakumbuyo, anakaika m'banja la zikumbu zodya m'maluŵa. Anakatcha Angimordella burmitina. Pa thupi pake anaŵerengapo timbewu ta mungu 62.

Mungu ndi ufa wa m'maluŵa. Ukapanda kufika pa duŵa loyenera, zomera zambiri sizibala. Choncho kachikumbu aka ndi mboni: tizirombo tinayamba kalekale kunyamula mungu.

Anzanga, chikumbu chilichonse si mdani ayi. Nankafumbwe amafumbwa chimanga m'nkhokwe, koma zikumbu zina zimathandiza zomera kubala. Tisanaphe kachirombo, tiyambe tadziŵa banja lake.

MAFUNSO
1. Kodi amber ndi chiyani?
2. Tchulani zikumbu ziŵiri zimene mumazidziŵa.
3. Kodi mungu umagwira ntchito yanji?