Chokuzira Mawu cha Batire Limodzi

Mwa ntchito zonse zimene munthu wokonda zamagetsi angadzichitire yekha pa tebulo la m'nyumba mwake, wopanda mphunzitsi kapena chuma chambiri, palibe yobweza mphotho msanga monga kupanga ampulifaya yaing'ono, yodya batire limodzi la mavolti 9 ndi kutulutsa mphamvu yosafika ngakhale wati imodzi. Alipo amene adzaseka, pakuti m'masitolo mwadzaza zimkuzamawu zogwedeza malata; koma wogula cha m'sitolo angomva phokoso lake, pamene wolumikiza mawaya ndi manja ake adziwanso kumene mawuwo achokera.

Chinsinsi chake n'chakuti ampulifaya silenga mphamvu ayi. Mawu otuluka mu foni kapena mu gitala wamagetsi ndiwo magetsi ofooka, osakhoza kugwedeza sipika. Ndipo monga mwana wotsegula ndi kutseka chitseko cha ngalande ya mthirira alamulira ndi kadzanja kake madzi amene sali ake, momwemonso magetsi ofookawo alamulira mphamvu ya m'batire, kuti ipite ku sipika m'chifanizo cha mawu omwewo. Kale ntchitoyi inali ya mavavu agalasi otentha ndi olusa pa magetsi, kufikira m'chaka cha 1947, pamene John Bardeen ndi Walter Brattain, a m'gulu la William Shockley ku Bell Labs, anapanga tiranzisita yoyamba.

Lero woyamba kumene angofuna kachipangizo kotchedwa LM386, ka miyendo 8, kamene kanatuluka ku kampani ya National Semiconductor, imene Texas Instruments inagula mu 2011. Mwendo wa 6 ulandira magetsi a batire, wa 2 ndi wa 4 ipita ku waya wobwerera ku batire, mawu alowa pa wa 3 atadzera pa chopotokola cha maohm 10,000 chochepetsera ndi kukweza, natuluka pa wa 5, kupyola mu kapasita ya mamicrofarad 220, kunka ku sipika ya maohm 8. Kapasitayo musaiyese chokongoletsa: pa mwendo wa 5 pakhala theka la magetsi a batire ngakhale palibe nyimbo, ndipo iyo ndiyo iwatchinga kuti asatenthe sipika. Kali chete, kachipangizoka kamwa mamiliampu 4 okha.

Tsono chiyeso chili pa mwendo wa 1 ndi wa 8. Mukaisiya yokha, mawu akula ka 20. Mukailumikiza ndi kapasita ya mamicrofarad 10, akula ka 200, ndipo ambiri athamangira komweko, kuiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakuti chokuza nyimbo chikuzanso mkokomo ndi kusokosera konse kumene mawaya atola, ndipo batire likalephera kupereka zimene lapemphedwa, mawu asweka nasanduka phokoso chabe. Oimba gitala ena akonda kusweka kumeneku, nakufuna dala. Koma kwa womvera foni kapena wailesi, ine ndinena kuti 20 akwana.

Mawaya akhale aafupi, olowetsa mawu atalikirane ndi otulutsa, ndipo kapasita ina ikhale pafupi ndi mwendo wa 6, yochirikiza batire. Ndi bwino kuyamba pa bolodi longobayapo zipangizo, losafuna mtovu. Mukamva mawu oyera, pamenepo tenthetsani chowotcherera.