KUPEZA NAMBALA YOBISIKA

Anzanga amene mwatsiriza sukulu ya kwacha, tsopano mukudziŵa kuphatikiza, kuchotsa, kuchulukitsa ndi kugaŵa. Koma kumsika masamu sabwera atandandalikidwa bwino ngati a pa bolodi. Nthaŵi zambiri nambala imodzi imabisala. Ndalama zili m'manja, koma mtengo wa thumba limodzi simukuudziŵa. Apa ndi pamene mlimi amaberedwa masana dzuŵa likuswa mtengo.

Masamu opezera nambala yobisika amatchedwa aljebra. Dzinali linachokera ku mau a Chiarabu akuti al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa. Mauŵa ali pa mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Musaope dzinali. Ntchito yake njosavuta.

Ganizirani sikelo

Nambala imene sitikuidziŵa timaipatsa chilembo, monga x. Chizindikiro ichi = chimatanthauza kuti mbali ziŵiri nzofanana. Anayamba kuchilemba ndi Robert Recorde mu 1557. Chioneni ngati sikelo ya mbale ziŵiri imene yaima ndendende. Mukachotsa kilogalamu kumanzere, chotsaninso kilogalamu kumanja. Mukapanda kutero, sikelo ipendekeka. Lamulo lake ndi lomwelo basi: chimene mwachita mbali imodzi, chitaninso mbali inayo.

Chitsanzo choyamba

Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50. Mwathirako m'munda, ndipo mwatsala makilogalamu 18. Mwathira angati?

x + 18 = 50

Chotsani 18 mbali zonse ziŵiri. Kumanzere kwatsala x yekha, kumanja 32. Mwathira makilogalamu 32.

Chitsanzo chachiŵiri

Mitengo ili m'munsimu njongoyerekeza. Mlimi wagulitsa matumba 4 a mtedza. Wogula wadulapo K6,000 ya ngolo, nampatsa K194,000. Kodi thumba limodzi waligula pa mtengo wanji?

4x – 6,000 = 194,000

Apa 4x akutanthauza x kanayi. Poyamba bwezerani ndalama ya ngolo ija. Onjezani 6,000 mbali zonse ziŵiri:

4x = 200,000

Tsopano gaŵani mbali zonse ndi 4:

x = 50,000

Thumba limodzi lapita pa K50,000. Ngati anapangana K55,000, mlimiyu asachoke pamalopo. Zake zapereŵera ndi K20,000, pakuti thumba lililonse lasoŵa K5,000.

Zobisika zikakhala ziŵiri

Mayi wina wagula mabotolo 2 a mafuta ophikira ndi paketi 1 ya shuga, walipira K13,000. Mnzake wagula botolo 1 ndi paketi 1 m'sitolo yomweyo, walipira K8,000. Onse aiŵala kufunsa mitengo. Tilembe m poimira mafuta, s poimira shuga.

2m + s = 13,000
m + s = 8,000

Yang'anani madengu aŵiriŵa. Akusiyana pati? Pa botolo limodzi lokha. Nanga ndalama zikusiyana bwanji? Ndi K5,000. Ndiye kuti botolo ndi K5,000. Bwererani ku dengu lachiŵiri: 8,000 kuchotsa 5,000 kutsala 3,000. Shuga ndi K3,000.

Dziŵani ichi: zobisika ziŵiri zimafuna nkhani ziŵiri zosiyana. Mayi wachiŵiri uja akadapanda kunena zake, yankho silikadapezeka.

Yesani yankho lanu

Musakhulupirire yankho musanaliyese. Libwezereni m'funso. Mabotolo 2 pa K5,000 ndi K10,000. Kuphatikiza shuga wa K3,000, zakwana K13,000. Zagwirizana! Zikakana kugwirizana, fufuzani mzere ndi mzere. Kaŵirikaŵiri mupeza kuti munachotsa mbali imodzi yokha.

Zoti muchite

Tengani kope ndi pensulo. Lembani funso lililonse ndi zilembo musanayambe kuŵerengera.

1. Anthu 5 asonkha ndalama mofanana. Agula mbuzi ya K70,000, ndipo zatsala K5,000. Aliyense anasonkha zingati?

2. Nkhuku 3 ndi bakha 1 agulidwa pa K31,000. Nkhuku 1 ndi bakha 1 agulidwa pa K15,000. Pezani mtengo wa nkhuku ndi wa bakha.

3. Pangani funso lanulanu kuchokera pa zimene munagula kapena kugulitsa sabata yatha. Mpatseni mnzanu wa m'kalasi alipeze.

Mayankho simuŵapeza m'kabuku kano. Mukaŵabwezera m'funso, mudzadziŵa nokha ngati mwakhoza. Masamu ali ngati khasu: likamalima tsiku ndi tsiku silichita dzimbiri. Chitani funso limodzi madzulo alionse, ndipo tsiku logulitsa zokolola mutenge kope lanu popita kumsika.