Kusiyanitsa Nthula ndi Citsamba ca Solanum torvum

Polemba dikishonale ya Cinyanja, tiyenera kusamala kuti tisaike citsamba ciriconse ca minga pansi pa dzina la nthula. Citsanzo ndi Solanum torvum, citsamba cocokera ku Central America cimene tsopano cimamera cokha m'maiko ambiri a mu Africa. Timacizindikira motere: cimatalika mamita 2 kapena 3, maluwa ake ndi oyera, ndipo cimabala m'timagulu tizipatso ta pafupifupi sentimita 1. Koma nthula yathu ili ndi maluwa ofiirira onga a mabilinganya, ndi zipatso zacikasu zokulirapo. Kusiyanaku n'kofunika, pakuti ku Ghana ndi ku Thailand tizipatso ta torvum amaphika ndiwo, pamene zipatso za nthula n'zapoizoni. Motero tanthauzo losokoneza ziwirizi lingapweteketse munthu.