Khasu Tinalisiya Kumudzi, Nanga Thupi Lilimba ndi Chiyani?

Makolo athu ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga sankadziwa za masewera olimbitsa thupi, ndipo sankawasowa. Khasu, mtondo, mtsuko wa madzi ndi ulendo wapansi wopita kumsika wa ku Ulongue zinkagwira ntchito imeneyi popanda wina kuitchula dzina. Koma ambiri a ife tsopano tili mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene timadzuka n'kukwera chapa, kukakhala pampando wa mu ofesi, pachiwongolero kapena kuseri kwa tebulo la malonda mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kubwera kudzadya nsima ya munthu amene walima tsiku lonse. Nafenso abusa sitingaloze ena chala. Njinga yakapalasa imene tinkayendera mipingo tinaisinthanitsa ndi yamoto, ndipo malamba athu akuchitira umboni.

Tikamayendera odwala, tikupeza abambo ndi amayi a msinkhu wathu womwewu atagwidwa ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, ena atafa ziwalo mbali imodzi, ana awo akadali kusukulu. Matenda amenewa ali ndi magwero angapo, koma kukhala pansi tsiku lonse ndi limodzi mwa magwero amene tingathe kuchitapo kanthu.

Tikanena zimenezi yankho limakhala limodzi: “Abusa, nthawi ilibe malo.” Sitikutsutsa. Mayi amene waweruka kuntchito, n'kuphika, n'kusambitsa ana, n'kuchapa zovala za sukulu, sakunama akati watopa. Komabe kutopa kwa munthu amene wakhala kapena kuima pamalo amodzi kwa maola 8 sikulimbitsa mtima. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, linati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Mphindi 150 zimamveka zambiri, koma ndi mphindi 30 zokha pa tsiku kwa masiku asanu. Chotonthoza china n'chakuti mphindizi siziyenera kuchitika nthawi imodzi. Khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo, zonse zimawerengedwa.

Tsono nthawi imeneyi sitidzaitola panjira, koma tiyenera kuibudula m'tsiku limene tili nalo kale. Kuno ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala silichita nthabwala, nthawi yabwino ndi mbandakucha. Madzi osamba ali pamoto, munthu angathe kukhala pampando n'kudzuka, kukhala n'kudzuka, kakhumi kapena kakhumi n'kasanu osagwira paliponse. Angathe kutsamira khoma ndi manja n'kumadzikankha. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5, ndipo kuchikweza ndi kuchitsitsa kumalimbitsa mikono popanda kugula chitsulo chilichonse. Popita kuntchito, titsike chapa tisanafike pamene timatsikira, mtunda wotsalawo tiyende mwandawala. Muyeso wake ndi wosavuta, makamaka kwa ife okonda kuimba: ngati mukutha kuyankhula koma mpweya sukukwanira kuti muimbe nyimbo, ndiye kuti mwafikapo.

Madzulo tikatha kudya, m'malo mogwera pa wailesi yakanema kapena pafoni, tizungulire nyumba kapena tifike pamphambano n'kubwerera. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, motero kuyenda pambuyo pa chakudya kumathandiza kwambiri. Ana asakhale chifukwa chokanira. Atengeni. Mwana amene wadumpha chingwe ndi amayi ake, kapena kuthamangitsana mpira wachikulunga ndi abambo ake pabwalo, amagona msanga, ndipo nkhani zimene sakanazinena patebulo amazinena panjira.

Pano tiyankhule ndi abambo mosapita m'mbali. Mphindi 30 za mayi wapantchito sizingapezeke ngati ntchito yonse ya pakhomo ikudikira iye yekha. Bambo akagwira tsache, akatunga madzi, akanyamula mwana, amakhala wachita ziwiri: wapatsa mkazi wake mpata, ndipo nayenso watulutsa thukuta. Tikudziwa kuti ena amaopa kusekedwa ndi anansi. Anansi omwewo sadzakugulirani mankhwala.

Alipo amene amatitsegulira 1 Timoteyo 4:8 pofuna kusonyeza kuti zimenezi n'zachabe. Tawerenganinso modekha. Paulo akuika kupembedza patsogolo, inde, koma sakunena kuti kusamala thupi kulibe phindu, ndipo iye mwini maulendo ake ambiri ankayenda pansi.

Amene mwakhala zaka zambiri osachita kanthu, yambani pang'ono: mphindi zisanu kapena khumi sabata yoyamba, n'kumawonjezera. Pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga, chifukwa matendawa amatha kukhala m'thupi munthu osamva kanthu. Amayi oyembekezera ndi onse amene akumwa kale mankhwala afunse kaye achipatala, ndipo mankhwalawo asawasiye poganiza kuti kuyenda kwalowa m'malo mwake. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, imani pomwepo, ndipo tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala.