Chimene Chimathyola Mabawuti a Magudumu a Galimoto

Gudumu la galimoto yaing'ono limagwidwa ndi mabawuti anayi kapena asanu, pamene la mapikapu ambiri limagwidwa ndi asanu ndi imodzi, kotero kuti moyo wa okwera umadalira tizitsulo tonenepa mamilimita 12 kapena 14 basi. Pa galimoto zochokera ku Japan, zimene ndi zochuluka m'misewu ya ku Malawi ndi Zambia, mabawutiwa amakhomeredwa mu habu, chomwe ndi chitsulo chozungulira pamene gudumu limakhala, ndipo limu, chitsulo chimene tayala limavekedwapo, imalowetsedwa m'mabawutiwo n'kupanidwa ndi manati. Bawuti ikathyoka, ambiri amafulumira kunena kuti chitsulo chake chinali chachinyengo, koma kawirikawiri gwero la vuto limakhala kamangidwe ka nati.

Nati ikamangidwa, bawuti imatamuka pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, ndipo pofuna kubwerera mwakale imakoka limu kuti ikakamire pa habu. Kupanikizana kwa zitsulo ziwirizi ndiko kumanyamula kulemera kwa galimoto, pamene ntchito ya bawuti ndi kusunga kupanikizanako kuti kusachepe. Pa chifukwa chimenechi opanga galimoto amalemba m'buku la galimotoyo muyezo wa mphamvu yopotokola nati, imene imatchedwa torque ndipo imayezedwa m'ma newton-metre, mwachidule Nm. Muyezo wa Toyota Corolla ndi 103 Nm, wa galimoto zambiri zazing'ono za Honda ndi 108 Nm, wa Volkswagen Golf ndi 120 Nm, pamene malole akuluakulu amafuna pafupifupi 600 Nm. Kuti munthu afike pa 100 Nm ndi sipanala yotalika masentimita 30, amafunika kukanikiza ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 34, yomwe munthu wamkulu amaikwanitsa ndi manja okha.

Chizolowezi chofala pamalo pokonzera matayala n'chakuti womanga amalowetsa paipi yaitali ku sipanala n'kuipondera ndi thupi lonse, poganiza kuti nati yothina kwambiri ndiye yodalirika. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaima kunsonga kwa paipi ya mita imodzi amapereka pafupifupi 690 Nm, kuposa kasanu ndi kamodzi muyezo wa Corolla. Chitsulo chikatamuka kupyola malire ake sichibwereranso mwakale, m'malo mwake chimapyapyala pakhosi ndipo mazinga ake, timizere tozungulira momwe nati imayendamo, amaphwanyika. Bawuti yotere ingaoneke yabwino tsiku limenelo, n'kudzathyoka patapita milungu galimoto ikagunda dzenje, kapena pamene wina akuimasula pamsewu tayala litaphulika. Chida chomangira cha mpweya chimene magalaja ambiri amagwiritsa ntchito chimachita zomwezo ngati chasiyidwa kuti chigogode mpaka nati itaima. Girizi ndi oilo nazo zimanamiza, popeza muyezo wa galimoto zazing'ono umalembedwa poganizira mazinga oyera ndi ouma. Akaterereka, mphamvu yomweyo imatamula bawuti mopitirira.

Nati yosamanga mokwanira imathyola bawuti m'njira ina. Limu ikayamba kusewera pa habu, bawuti iliyonse imapindidwa uku ndi uku nthawi zonse gudumu likazungulira, monga momwe waya amadukira munthu akamamupinda mobwerezabwereza pamalo amodzi. Kamng'alu kamayambira m'mazinga n'kumakula pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake bawuti yothyoka motere ikayang'anitsitsidwa imaonetsa mbali ziwiri: mbali yosalala ndi yakuda, pamene mng'alu unkadya kwa nthawi yaitali, ndi mbali yowala yokhakhala, imene inaduka kamodzin'kamodzi. Matope, dzimbiri kapena penti yokhuthala pakati pa limu ndi habu zimabweretsa vuto lomweli, chifukwa zikaperepeseka paulendo zimasiya mpata, ndipo nati imene inamangidwa bwino imakhwefuka yokha. Katundu wopyola muyezo ndi misewu ya maenje zimafulumizitsa zonsezi. Zizindikiro zake ndi kugogoda kumene kumasintha ndi liwiro, kunjenjemera kwa chiwongolero, mizere ya dzimbiri yotuluka pansi pa manati, ndi mabowo a limu amene asiya kukhala ozungulira.

Manati amasiyana ngakhale amaoneka ofanana. Toyota, Honda ndi Mazda zambiri zimagwiritsa ntchito mazinga otalikirana mamilimita 1.5, pamene Nissan, Subaru ndi Suzuki zambiri ndi mamilimita 1.25, moti nati ya mtundu wina ikakakamizidwa imadya mazinga a bawuti. Pokhalira pa nati palinso mitundu itatu, posongoka, pobulungira ndi pafulati pokhala ndi washa, ndipo nati yosagwirizana ndi bowo la limu imagwira ndi kachigawo kochepa. Malole ena akale a ku Japan ali ndi manati a mazinga a kumanzere pa magudumu a kumanzere, olembedwa chilembo L, amene amathina pamene munthu akuganiza kuti akumasula.

Kamangidwe koyenera kamayamba ndi kupukuta habu, limu ndi mazinga ndi bulashi ya waya. Nati iliyonse iyambidwe ndi dzanja, ndipo ikakana kuyenda isakakamizidwe ndi sipanala, chifukwa ndiye kuti yalowa mopingasa kapena mazinga aonongeka. Manati amamangidwa pang'onopang'ono modumphana, kuchoka pa imodzi kupita pa ya kutsidya kwake, kuti limu ikhale pakati ndi kupanidwa mofanana mbali zonse. Galimoto ikatsitsidwa pa jeki, kumanga komaliza kuchitike ndi torque wrench, sipanala yokhala ndi muyezo imene imalira kuti "ke" mphamvu yoikidwa ikakwana, ndipo ikalira womanga aleke pomwepo. Pakatha makilomita 50 mpaka 100 manati ayezedwenso, popeza zitsulo zimakhazikika galimoto ikayenda.

Galimoto imene yathyoka bawuti imodzi siyenera kupitiriza ulendo wautali kapena kunyamula anthu, chifukwa mtolo wa yothyokayo umagwera zotsala, zimene kawirikawiri zinamangidwa ndi dzanja lomwelo ndipo nazonso zafooka. Makaniko amachotsa chitsulo cha mabuleki, n'kukhomola bawuti yothyoka ndi kulowetsa yatsopano kuchokera kumbuyo kwa habu. Kuwotcherera bawuti yothyoka sikubwezera mphamvu yake ndipo sikuyenera kuloledwa. Pamene zathyoka ziwiri, kapena pamene zadziwika kuti gudumu linamangidwa ndi paipi, nzeru ndi kusintha mabawuti onse a gudumulo pamodzi ndi manati ake. Mwini galimoto aliyense, makamaka wa minibasi kapena takisi, ali ndi udindo wodziwa muyezo wa galimoto yake ndi kuonetsetsa kuti amene akumanga magudumu akuutsata.