Madzi m'mafuta a ndege zing'onozing'ono: chiopsezo chobisika pa Chelinda

Bwalo la ndege la Chelinda, lomwe lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nyika m'boma la Rumphi, lili pamwamba pa mapiri otalika mamita oposa 2,000. Kuzizira kwa usiku kumeneko, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi chimodzi mwa zinthu zochititsa kuti madzi apezeke m'mafuta a ndege zing'onozing'ono, kuphatikizapo zimene anthu amalumikiza okha pakhomo.

Ndege ikagona panja thanki yake ili yosadzaza, chinyontho cha mpweya wa m'thankimo chimasanduka timadontho. Madzi ena amalowa m'nyengo ya dzinja kudzera pa chitsekero chakutha mphira, kapena kuchokera m'migolo yosungiramo mafuta.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pomwe ya mafuta a ndege otchedwa avgas imalemera pafupifupi magalamu 720. Choncho madzi amadikha pansi. Pachifukwa ichi, woyendetsa ndege asananyamuke amayenera kutapa mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera mkati kuchokera pansi pa thanki iliyonse ndi pa sefa ya mafuta. Avgas wa mtundu wa 100LL ndi wobiriwira ngati thambo, ndipo madzi amaoneka mbee pansi pake. Ngati zonse zili mbee, n'kutheka kuti m'kabotolomo muli madzi okhaokha. Kutapaku kumabwerezedwa kufikira madzi atatheratu.

Madzi akafika mu injini, imatsokomola, kuchepa mphamvu kapena kuzima kumene. Ngozi imakula ponyamuka, pamene kupendekeka kwa ndege kumasuntha madzi obisala m'makona a thanki. Pa Chelinda vutoli ndi lalikulu popeza mpweya wopyapyala wa kumapiri umachepetsa kale mphamvu ya injini.

Ndege zambiri zolumikiza pakhomo zimayendera petulo wa galimoto, ndipo apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Dziko lino lidayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. Ethanol amamwa madzi, kotero kabotolo kangathe kuoneka kabwino pamene madzi alimo. Akachuluka, makamaka kukazizira, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi.

Pofuna kudziwa ngati petulo ali ndi ethanol, amakaniko amathira gawo limodzi la madzi m'botolo, kuika chizindikiro, kuwonjezera magawo 9 a petulo, n'kukhutchumula. Madzi akakwera kupitirira chizindikirocho, ndiye kuti ethanol alimo. Kampani ya Rotax, yomwe injini zake ndi zofala pa ndege zotere, imalola ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100 alionse.

Maofesala oyang'anira mabwalo akumidzi ndi ogula mafuta a boma ayenera kuonetsetsa kuti migolo ndi yotsekedwa bwino, yasungidwa mogoneka ndi pansi pa denga, komanso kuti mafuta ayesedwa asanathiridwe m'ndege.